Chilembo cha mtundu wanji?

Mukafunsa wogulitsa nsalu pa msika wa Nkhotakota kuti, "Mayi, chitenjecho n'cha mtundu wanji?" akhoza kukuyankhani kuti n'chofiira. Akhozanso kukuyankhani kuti n'cha ku Tanzania. Mayankho onse awiri ndi olondola, chifukwa mawu akuti mtundu amasenza katundu wambiri. Achewa, Ayao ndi Atonga ndi mitundu. Chambo ndi mtundu wa nsomba wosiyana ndi utaka, kilombero ndi mtundu wa mpunga wosiyana ndi faya, ndipo tonsefe pamodzi ndife mtundu wa Malawi. Pamwamba pa zonsezi tinawasenzetsanso kufiira ndi kubiriwira. Aswahili, amene anakhazikika kuno kuyambira masiku a Jumbe Salim bin Abdallah cha m'ma 1840, anatenga njira ina. Iwo anabwereka mawu akuti rangi kwa amalonda a ku Persia ndi India kuti azitchulira maonekedwe ndi utoto. Ife sitinabwereke. Ena amati umenewu ndi umphawi wa chinenero, koma ine sindivomereza. Makolo anaona ntchito yeniyeni imene maonekedwe amagwira m'diso la munthu: kusiyanitsa zinthu, kuti ichi n'cha gulu ili, icho n'cha gulu lina.

Chimene chandibwezera ku mawu amenewa ndi masewera ena a pa intaneti amene alibe chithunzi ngakhale chimodzi. Zonse ndi zilembo. Munthu amalowa pa kompyuta kapena pa foni n'kuwerenga kuti waima pachipata cha mudzi, kumpoto kuli nkhalango, kum'mawa kuli mtsinje. Akalemba kuti apite kumpoto, mizere ina imabwera kudzamuuza zimene wakumana nazo. M'dziko la zilembo lomwelo mumakhalanso anthu ena, wina ali ku Manila, wina ku Glasgow, onse akulemba nthawi imodzi, kucheza, kugulitsana zida, kulimbana ndi zilombo. Masewera oyamba otere anawapanga Roy Trubshaw ndi Richard Bartle pa University of Essex ku England mu 1978, nawatcha MUD, ndipo dzinali linafalikira kwa masewera onse ofanana nawo. Mu 1991 ophunzira a ku Copenhagen anatulutsa DikuMUD, imene ambiri anatengerapo popanga awoawo. Masewera ena a zilembo akadalipo mpaka lero, monga Aardwolf ndi Discworld MUD. Kwa ife kuno ali ndi ubwino umodzi waukulu, woti zilembo sizidya bandulo. Kanema wa mphindi zochepa amamaliza zimene zikanakwana kusewera usiku wonse.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amasewera masewera oterewa pa foni yake. Loweruka lina masana ndinamupeza atakhala pa bwato lovundikira ku gombe, dzanja limodzi litatchinga dzuwa pagalasi la foni. Nditasuzumira ndinaona mizere ikuthamanga kukwera m'mwamba, moti sindinathe kumaliza ngakhale umodzi.

"Amalume, sikuti ndimawerenga zonse," anatero. "Zofiirazi ndiye kuti ndikumenyedwa. Zobiriwira ndi anzanga a gulu lathu. Zachikasu ndi munthu amene akulankhula ndi ine ndekha. Zoyerazi ndi za malo, ndimawerenga kukakhala bata."

"Nanga zinabwera choncho, mphwanga?"

"Ayi, ndinasintha ndekha. Macheza a anthu onse anali abuluu. Padzuwa pano sankaoneka n'komwe."

Mnyamatayu sankakongoletsa foni. Ankagawa mawu m'magulu, kuti diso lidziwe gulu la mzere lisanawerenge mzerewo. Mtundu uliwonse pagalasipo unali mtundu wa nkhani. Matanthauzo awiri aja, amene m'zinenero zina ali m'mawu osiyana, apa akumana pamalo amodzi, ndipo Chichewa chinali nawo kale onse m'mawu amodzi.

Makina sadziwa kufiira, amadziwa manambala. Masewera akafuna kuti mawu afiire amatumiza kachizindikiro kosaoneka patsogolo pa mawuwo, kotsatana ndi nambala 31. Akafuna kuti zibwerere mwakale amatumiza 0. Dongosolo limeneli amalitcha ANSI, ndipo poyamba linali ndi mitundu 8 yokha: 30 kuda, 31 kufiira, 32 kubiriwira, 33 chikasu, 34 buluu, 35 umene Angerezi amati magenta, 36 umene amati cyan, ndi 37 kuyera. Manambala oyambira 40 mpaka 47 ndi a mtundu wa kumbuyo kwa zilembo. Kasanjidwe kameneka sikangozi ayi. Kadontho kalikonse ka pagalasi kali ndi tinyale titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Kofiira anakapatsa 1, kobiriwira 2, kabuluu 4. Mukayatsa kofiira ndi kobiriwira pamodzi mumapeza 3, chimene ndi chikasu. Mukayatsa tonse titatu mumapeza 7, kuyera. Mukazimitsa tonse mumatsala ndi 0, kuda. Nambala imene mwapezayo ndi imene imaonjezedwa pa 30. Pambuyo pake mitundu inakwera kufika 256, ndipo makina a lero amatha kuonetsa 16,777,216. Wosewera salemba manambalawa. Pa Aardwolf amalemba @R patsogolo pa mawu kuti afiire, pamene masewera ena amagwiritsa ntchito &R. Ndipo nambala 31 simalamula kuti kufiirako kukhale kotani. Zimenezo zimasankhidwa ndi pulogalamu imene munthu akusewerera, monga Mudlet pa kompyuta kapena BlowTorch pa foni ya Android. N'chifukwa chake mawu omaliza amakhala a wosewera.

Tsono mvetserani mmene ife timatchulira mitunduyi. M'Chingerezi mayina a mitundu ndi afotokozi, mawu ongoima pambali pa dzina. Kwathu mitundu yakale ndi aneni: kuda, kuyera, kufiira. Chinthu chimada, chimayera, chimafiira. Madzulo timati kwada, m'mawa timati kunja kwayera, ndipo tomato wa m'dimba timati wafiira. Mtundu ndi chinthu chimene chimachitika, chili ndi dzulo ndi mawa. Mu 1969 Brent Berlin ndi Paul Kay anafanizira zinenero zambiri za padziko n'kupeza kuti chinenero chikakhala ndi mawu atatu okha enieni a mitundu, atatuwo amakhala awa omwewa, kuda, kuyera ndi kufiira. Victor Turner, amene anakhala pakati pa Andembu ku Zambia, anapeza kuti miyambo yawo imazungulira pa mitundu itatu yomweyi. Amene anakaona zigoba za Gule Wamkulu ku Kungoni, ku Mua, akudziwa kuti kwathunso n'chimodzimodzi.

Kuyera ndiko kuli ndi nthambi zambiri. Chovala chochapa bwino chayera ngakhale chitakhala chofiira, choncho kuyera ndi ukhondo. Tikawonjezera -etsa timapeza kuyeretsa, ndipo kuchokera pamenepo mpingo unatenga chiyero, oyera mtima ndi Mzimu Woyera. Munthu amene madandaulo ake atha amati kukhosi kwayera. Nkhani yonenedwa anthu onse akumva yanenedwa poyera, pamalo popanda chobisa. Akatswiri a zinenero za Chibantu amaonetsanso kuti mwezi ndi kuyera ndi ana a tsinde limodzi lakale lotanthauza kuwala. Msodzi wa usipa safunika kuuzidwa zimenezi. Mwezi ukayera nyali za siginala sizikoka nsomba, chifukwa nyanja yonse imakhala yowala, ndiye chilimira chimabwera chopepuka. Pagalasi la foni zimatero ndithu: mawu onse akakhala oyera mowala, palibe amene amakoka diso. Osewera odziwa amasiya mawu wamba atatuwa pang'ono, n'kusunga kuyera kwenikweni kuti kukhale kwa zinthu zochepa zofunika.

Kuda ndi mawu olemera. Pakamwa pathu amatuluka chimodzimodzi tikamanena za makala, za usiku, za chovala chalitsiro, ndiponso za mtima. Timada munthu, timada nkhawa. Awiri akadana pamabadwa chidani ndi udani, ndipo mdani ndi munthu amene mumadana naye. Kudetsa ndi kuipitsa chimene chinali choyera. Koma amene angaime pamenepa n'kunena kuti kwa Achewa kuda ndi kuipa ndiye kuti sanafike patali. Mtambo wa mvula ndi wakuda. Makande, dothi limene mpunga umakondwa nalo m'madambo a kuno, ndi akuda. Ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, nsalu yoyenera popempha mvula ndi yakuda. Pa mbendera imene tinakweza mu 1964 kuda kukuimira anthu eni ake a Africa, ndipo dzuwa lotuluka lili pamwamba pa kudako. M'masewera a zilembo kuda ndiko pansi pamene zonse zimaima. Magalasi akale a makompyuta anali akuda, zilembo zokha n'kumawala, ndipo osewera ambiri anasunga zimenezo mpaka lero chifukwa maso satopa msanga usiku.

Kufiira kuli pafupi ndi moto. Mvekero wake ndi psuu, ndipo khutu langa limamva ubale pakati pa psuu ndi kupsa, mneni amene amagwira nsima, nthochi, nyumba yoyaka ndi mtima wokwiya. Dothi la katondo n'lofiira. Chigoba cha Simoni m'gule n'chofiira, mzungu wopsa ndi dzuwa. Pa mbendera kufiira ndi magazi a amene anafera ufulu. Nzosadabwitsa kuti mphwanga, popanda womuuza, anasungira kufiira mizere ya kuvulala. Mneniyu amalolanso kutambasulidwa: chinthu chikafiirira ndiye kuti chikupita kofiira koma sichinafike, ndipo kufiiritsa ndi kuchititsa kuti chifiire.

Pa mivekero ndi pamene chinenero chathu chimandisangalatsa koposa. Timati kuda bii, kuyera mbee, kufiira psuu, kubiriwira biriwiri, kutuwa mbuu. Mvekero susintha mtundu, umangoukweza mpaka pamapeto. Opanga makina aja anafika pa chosowa chomwechi. Ataona kuti mitundu 8 yachepa, anagwiritsa ntchito nambala 1, imene poyamba inali yonenepetsa zilembo, kuti iziwalitsa mtundu uliwonse, ndipo mitundu inakhala 16. Pa Aardwolf @r ndi kufiira, @R ndi kufiira psuu. Chimene iwo amachita ndi chilembo chachikulu, agogo athu ankachita ndi liwu limodzi lokoka.

Kubiriwira kumaoneka kuti kunamera pa mvekero wake, biriwiri, ndipo pambali pake pali mawu ena ochokera ku udzu wanthete, chamsipu. Mitundu yotsalayo tinaitchula ndi zinthu zimene zili nayo. Chikasu ndi chomera, muzu wake ndiwo umapereka utotowo. Lalanje ndi chipatso, dzina lake linachokera ku laranja ya Apwitikizi. Khofi ndi khofi amene timamwa, phulusa ndi la pamoto.

Vuto lili pa buluu. Mawuwa ndi obwereka, aliyense akudziwa, ndipo asanabwere panalibe liwu limodzi limene onse ankagwirizana. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922 motsogoleredwa ndi William Murray, atafika pa nsalu za chihema m'buku la Eksodo anasankha kutchula mtunduwu kuti wamadzi. Omasulira a pambuyo pake ena anati mtundu wa mtambo, ena anangoti kubiriwira. Kwa munthu wa kumtunda, wamadzi angamveke ngati mtundu umodzi. Kwa ife a kunyanja madzi alibe nkhope imodzi. M'mawa kopanda mphepo, pafupi ndi gombe, amakhala owala mopepuka mpaka mchenga kuoneka pansi. Patali pakuya amadera. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira amatuwa, pamwamba pali thovu loyera. M'dzinja Bua akasefukira amalavulira m'nyanja madzi ofiirira amene amaoneka mzere wake patali ndithu, ndipo a ku Chia ali ndi maonekedwe awoawo. Msodzi amawerenga mitundu imeneyi asanakankhe bwato, chifukwa uliwonse ukumuuza za mphepo, kuya ndi nsomba.

Pagalasi buluu amavutanso, ndipo chifukwa chake chili m'diso. Pa kuwala kumene diso limamva kuchokera ku tinyale titatu tija, kobiriwira kamapereka pafupifupi magawo 72 pa 100, kofiira 21, kabuluu 7 okha. Choncho zilembo za nambala 34 pamwamba pa kuda zimakhala ngati zamira. Wopanga masewera amene wakhala m'chipinda chamthunzi ku Ulaya mwina sangaone vutoli. Mnyamata wa foni yotchipa, yagalasi lokandika, padzuwa la mu Okutobala ku Nkhotakota, amaliona tsiku loyamba. Palinso anthu amene maso awo sasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira. Pakati pa azungu ndi pafupifupi mwamuna mmodzi pa 12 aliwonse, kuno ndi ochepa kuposa pamenepo koma alipo, ndipo ambiri sadziwa kuti ali choncho. Munthu wotere, mzere wa mnzake ndi mzere wa ngozi zimafanana ngati saloledwa kusintha. Komanso masewera a zilembo amakondedwa kwambiri ndi anthu osaona, amene amawamvetsera kudzera pa pulogalamu yowerenga mokweza. Kwa iwo mtundu sumveka, ndiye masewera abwino amaika dzina la gulu la nkhani m'mawu enieni kumayambiriro kwa mzere. Zonsezi zimandichititsa kunena motsindika kuti ufulu wosintha mitundu si chidole. Kwa osewera ena ndiwo umalamula ngati asewere kapena asiye.

Komabe kukongoletsa kuli ndi malo ake, ndipo mawu akuti chilembo eni ake akuvomereza. Kulemba kunalipo cholembera ndi pepala zisanafike. Kunali kuika chizindikiro, kujambula mizere pa mbiya, pa khoma, pa mchenga. Mlembi, malemba, kalembera ndi kulembedwa ntchito zonse zinabwera pambuyo, pamene dzina la munthu linayamba kuikidwa m'buku. M'Chiswahili tsinde lomweli linapita kwina: kuremba ndi kukongoletsa, urembo ndi zokongoletsa, mrembo ndi mkazi wokongola. Kuno ku Nkhotakota, kumene zinenero ziwirizi zakhala zikumvana kwa zaka zoposa 150, n'zosavuta kumva kuti chilembo ndi urembo ndi pachibale. Onani asodzi akamalemba dzina pa boti latsopano. Sangolemba kuti liwerengeke. Amasankha penti, amazunguliza chilembo chilichonse ndi mtundu wina, kuti botilo lidziwike likadali patali.

Achinyamata a zaka za m'ma 2000 anachita zomwezo pa Mxit, pulogalamu yochezera pa foni imene Herman Heunis anayambitsa ku Stellenbosch mu 2005 ndipo inatsekedwa mu 2016. Inkayenda pa mafoni ang'onoang'ono a mabatani, ndipo abale athu amene anali ku Joni masiku amenewo anaipeza ili m'manja mwa pafupifupi wachinyamata aliyense. Munthu akalemba #FF0000 patsogolo pa uthenga, uthengawo unkafiira. Ena ankapatsa liwu lililonse mtundu wake mpaka uthenga kusanduka utawaleza. Mawu amenewa nawonso ndi ofunika kuwamasula: ndi uta wa Leza, ndipo Leza ndi dzina lakale la Mulungu limene Abemba ndi Atonga a ku Zambia akugwiritsabe ntchito. Utawaleza kumwamba ndi wokongola chifukwa umabwera kamodzikamodzi. M'macheza a anthu 50, aliyense akamalemba mwa utawaleza, mitundu imasiya kusiyanitsa kanthu, ndipo masewera ena a zilembo amalola wowerenga kufafaniza mitundu ya anzake yonse kuti aone yake yokha.

WhatsApp, imene ambirife tili nayo lero, inatilanda zimenezi. Mukhoza kunenepetsa mawu ndi tinyenyezi, koma simungawafiiritse. M'gulu, dzina la munthu aliyense limaoneka ndi mtundu wake, koma wosankha ndi pulogalamu. Ngakhale zili choncho, kuyambira 2014 pamene matiki awiri anayamba kusanduka abuluu uthenga ukawerengedwa, taona mmene kamtundu kamodzi kamadanitsira anthu. Ndipo dziko lino silifunika kuphunzitsidwa kuti mtundu umalankhula. Tili ndi mawu akuti makaka. Chikasu ndi UDF, buluu ndi DPP, tambala wakuda pa nsalu yofiira ndi yobiriwira ndi MCP. Tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers, malaya ofiira kapena abuluu amanena za munthu asanatsegule pakamwa. M'masewera a zilembo magulu a osewera amakhalanso ndi makaka awo pa mayina, ndipo mlendo amene wavala mtundu wa gulu la eni osapempha amafunsidwa.

Masewera amene mphwanga amasewera ndi a m'Chingerezi. Koma pulogalamu za mtundu wa DikuMUD zilipo zaulere, ndipo palibe choletsa ophunzira a ku Zomba kapena ku Mzuzu kumanga dziko la zilembo la m'Chichewa, lokhala ndi madooko, misika ndi nkhalango ya Nkhotakota, njovu zake ndi mpasa wa mu Bua. Akadzafika polemba mndandanda wosankhira mitundu, ndikupempha kuti asadzangolemba redi, girini ndi yelo. Pa 30 alembe chakuda, pa 31 chofiira, pa 32 chobiriwira, pa 33 chachikasu. Pa 37 alembe chotuwa, chifukwa pa makina ambiri nambala imeneyi payokha imatuluka ngati phulusa, ndipo kuyera mbee akusungire mtundu wowalitsa uja. Mitundu ina yowalitsa aitchule ndi mivekero yake, psuu ndi biriwiri, mawu amene mwana aliyense amawamva asanalowe sukulu. Pa 34 buluu akhale, chifukwa anakhazikika kale pakamwa pa anthu ndipo kulimbana naye n'kulemba m'madzi. Pa 35 ndingaike chofiirira, monga omasulira akale aja anatchulira nsalu zachifumu. Pa 36, mtundu wowala wa pakati pa buluu ndi kubiriwira, ndingaike chamadzi, popeza ndiwo weniweni wa madzi osaya a m'mbali mwa nyanja, ndipo pagalasi lakuda umawerengeka bwino ngakhale dzuwa lili paliwombo.